Nkhani za Pakhomo: Khungwa la ku Peru Lafika pa Goliati

Mwezi watha tinalonjeza kuti m'kalata ino tidzanena za anankafumbwe ndi kasungidwe ka chimanga m'nkhokwe. Mutikhululukire, pakuti lonjezo lija talikankhira ku mwezi wa mawa. Pali kanthu kena kamene takapeza katatu konse m'masabata ochepa poyendera odwala m'midzi yozungulira Goliati, ndipo kanthu kakaoneka pa makomo atatu osiyana, sikayenera kukhalidwa chete. Kanthuko ndi kabotolo koyera, ka mibulu yofiirira, kolembedwa m'Chingerezi dzina lakuti Cat's Claw, ndiko kunena Chikhadabo cha Mphaka.

Pa khomo lachitatu tinapeza mai ena amasiye, amene anathyola tiyi zaka zambiri m'minda ya kuno ku Thyolo kufikira msana unawakana. Mwana wao wamwamuna ali pa nchito ku Johannesburg, ndipo ndi mwana wabwino, wosaiwala kwao. Iye ndiye anapatsira kabotoloko munthu wa pa basi, pamodzi ndi bulangeti ndi sopo. Maiwo amwa ma ARV chiyambire chaka chimene anamwalira amuna ao, ndipo ali bwino ndithu: alima dimba la matimati, asenza okha mtolo wa nkhuni. Anatiyalira mphasa, naturutsa kabotolo m'kathumba, natipempha kuti tiwawerengere zolembedwazo. Tinawerenga zilembo zazikuru, zonena kuti mibuluyo ithandiza chitetezo cha m'thupi. Pomwepo nkhope yao inawala, nati: "Aphunzitsi, ngati iyi ilimbitsa asilikari a m'thupi, kodi sindingapumuleko ija ya ku chipatala? Ndatopa nayo ine, ndipo njira yokatenga yanditalikira."

Funso limeneli ndilo latilembetsa. Tiliyankha pano poyera, pakuti tidziwa kuti ambiri alisunga mumtima osalifunsa.

Tiyambe ndi chimene chiri m'kabotolo, popeza mlendo timfunsa kumene achokera tisanampatse malo. Chikhadabo cha Mphaka ndi chomera choyanga cha m'nkhalango zazikuru za ku Amazon, makamaka m'dziko la Peru, ku South America. Chikwera m'mitengo yaitali ndi minga yache yokota ngati mbedza, ndipo mingayo ndiyo inachipatsa dzina. Ophunzira za zomera achitcha Uncaria tomentosa, ndipo chiri ndi mbale wache, Uncaria guianensis, amene agulitsidwa ndi dzina lomwelo. Anthu a mtundu wa Asháninka ndi anansi ao, eni ache a nkhalangozo, akhala akuphika khungwa ndi mizu yache kuyambira kale, namwa madziwo pa nthenda za m'mimba ndi pa kutupa kwa mfundo za mafupa. Ife sitinyoza zimenezi ai. Tinakulira m'manja mwa agogo odziwa mizu, ndipo munthu wonena kuti m'tchire mulibe mankhwala ndiye kuti sanadwalepo ali kutali ndi chipatala.

Ndiponso dziko la Peru si lachilendo kwa ife monga tiyesa. Ndani mwa akuru athu sadziwa kuwawa kwa kwinini, ndi kulira kwa makutu kumene kutsata pambuyo pache? Kwininiyo achokera m'khungwa la mtengo wotchedwa cinchona, wa m'mapiri a mbali yomweyo ya dziko, ndipo mtengo wa kwinini, mtengo wa khofi ndi Chikhadabo cha Mphaka, onse atatu ndi a banja limodzi. Ansembe a chipani cha Ayezuiti amene anali ku Lima ndiwo anatumiza khungwa la cinchona ku Roma m'zaka za 1630, ndipo Kadinala Juan de Lugo analigawira osauka odwala malungo, kotero kuti anthu a ku Ulaya analitcha ufa wa Ayezuiti. Koma taonani chimene chinachitika. Kwa zaka zonga mazana awiri khungwalo linali lochiritsa lero, lolephera mawa, pakuti mtengo wina unali ndi mphamvu yambiri, wina yochepa, ndipo amalonda osaona mtima anasakaniza makungwa a mitengo yina yongowawa chabe. Wodwala sanathe kudziwa ngati wamwa mankhwala kapena utuchi. Mu 1820 anthu awiri a ku Paris, Pelletier ndi Caventou, anapatula m'khungwamo chinthu cheni-cheni chimene chigonjetsa malungo. Kuyambira pamenepo kunatheka kuchiyesa pa sikelo, ndi kunena kuti wamkuru amwe chakuti, mwana chakuti, ndipo kupitirira apa ndi chiphe. Kwinini woyesedwa chotero ndiye amene David Livingstone anali naye pokwera mtsinje wa Shire mu 1859.

Mankhwala a LA amene ana athu alandira pa malungo, amene dziko lathu linayamba kupereka mu 2007, naonso anayenda njira yomweyo. Imodzi ya mphamvu ziwiri ziri m'mibulu imeneyo gwero lache ndi kachitsamba ka ku China. Mai Tu Youyou ndi anzao anapatula mphamvu ya m'kachitsambako mu 1972, ndipo mu 2015 maiwo analandira mphoto ya Nobel.

Tsono mlandu suli pakati pa mankhwala achikuda ndi achizungu ai. Kwinini ndi khungwa, LA ndi tsamba. Mlandu ndi uwu: kodi khungwa limene latifikirali linayesedwa pa anthu ambiri odwala, poyera, ndipo linapezeka kuti lichita chimene wogulitsa anena?

Mbiri ya Chikhadabo cha Mphaka inayamba kumveka ku Ulaya m'zaka za 1970, pamene munthu wa ku Austria, Klaus Keplinger, anakaphunzira za chomerachi kwa Asháninka. Ndipo m'zaka za 1990, nthawi imene anthu anali kufa ndi Edzi osaona pothawira, malonda ache anafala m'maiko ambiri. Ophunzira anathira madzi a khungwalo pa magazi m'timbale ta galasi, namwetsanso makoswe, ndipo anaona kuti muli mphamvu ndithu imene ikhudza asilikari a m'magazi. Koma kambale ka galasi si munthu, ndipo khoswe sathyola tiyi. Pofika pa anthu, mayeso ache ndi ang'ono. Mu 2001 ku Peru anayesa pa anthu 45 odwala maondo, kwa masabata 4 okha. Mu 2002 ku Innsbruck, m'dziko la Austria, anayesa pa anthu 40 odwala nyamakazi yotupitsa mfundo, amene sanaleke mankhwala ao a chipatala. Pa mayeso onse awiri ululu unachepako, ndipo ichi tichinena chifukwa ndi choona. Koma anthu 45 ndi anthu 40! Gulu liri lonse likwana m'maminibasi atatu a ku Limbe. Ndiponso zindikirani kuti chimene anayesa ndi maondo ndi mfundo. Palibe mayeso amene anaonetsa kuti anthu akumwa khungwali adwala kamodzi-kamodzi kuposa anzao, kapena kuti munthu wa kachirombo ka HIV akhala nalo moyo wautali. Bungwe la boma la America losanthula mankhwala a zitsamba linena mosabisa kuti palibe umboni wokwanira wakuti chomerachi chichiritsa nthenda iri yonse.

Pa kabotolo ka mai aja, pansi peni-peni, panali zilembo zina zazing'ono zonga nyerere, zimene tinaziwerenga titaturuka nako pa dzuwa. Zinati akuru oyang'anira mankhwala a m'dziko limene kanachokera sanayese mibuluyo kuti aone ubwino wache, kapena kuopsa kwache, kapena ngati ichita nchito imene yanenedwa. Wogulitsa analemba zoona, koma anazilemba mwa kunong'ona, nafuula za chitetezo. Akuru anati, chikome-kome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ife nyererezo tinazipeza kunja, pa pepala.

Mau akuti chitetezo tiwamvetse bwino, pakuti ndiwo amene agulitsa malondawa. Ambiri ayesa kuti chitetezo chiri ngati nkhokwe, yakuti ukathiramo zambiri ndiye kuti uli pabwino. Sichitero ai. Asilikari a m'thupi ali a magulu ambiri: ena alonda pa chipata, ena akumbukira nkhope ya mdani amene anabwera kale, ena aletsa anzao nkhondo ikatha; ndipo umoyo uli pa kumvana kwao, si pa ukali wao wokha. Ziripo nthenda zimene zidza chifukwa asilikariwo alusa napandukira mwini thupi, ndipo nyamakazi ija anaiyesa ku Innsbruck ndi imodzi ya izo. Chomwecho munthu akatiuza kuti mankhwala ache autsa asilikari, tiyenera kumfunsa kuti, gulu liti, ndipo kuti akamenyane ndi yani? Katemera ayankha funso limeneli, pakuti katemera wa chikuku aonetsa asilikari nkhope ya chikuku kuti adzachizindikire. Ma ARV ayankhanso. Iwo sautsa asilikari, koma atsekereza kachirombo kuti kasaswane, ndipo asilikari, popeza saphedwanso, achuruka okha; ndicho chifukwa chache chiwerengero cha CD4 chikwera mwa munthu wakumwa mokhulupirika. Munthuyo akaleka, kachirombo kadzuka, ndipo nthawi zina kadzuka katachenjera, kosamvanso mankhwala amene anakagoneka kale. Kabotolo ka ku Johannesburg sikangaime pa malo amenewo ngakhale tsiku limodzi.

Koma wina adzati: "Chabwino, sitileka a chipatala, tidzamwa zonse ziwiri, pakuti chimene sichichiritsa sichiphanso." Apa ndipo pali mbuna yophimbidwa ndi masamba, ndipo tipempha kuti muwerenge pang'ono-pang'ono. Chiwindi cha munthu chiri ngati chigayo. Mankhwala ambiri amene timwa aima pa mzere m'menemo kuti agayidwe ndi kuturutsidwa m'thupi, ndipo dotolo, ponena kuti imwani m'bulu umodzi pa tsiku, awerengera kuti chigayocho chiyenda monga mwa masiku onse. Khungwa limeneli likhoza kuchedwetsa chigayo. Mu 2008 madotolo a ku Spain analemba za mai wina wa kachirombo, wodwalanso chiwindi, amene anayamba kumwa Chikhadabo cha Mphaka pamwamba pa ma ARV ache otchedwa atazanavir, ritonavir ndi saquinavir. Poyesa magazi ache anapeza kuti mankhwalawo aunjikana kuposa muyeso, ndipo atasiya khungwalo zinabwerera m'malo mwache. Maina a atazanavir ndi ritonavir si achilendo kuno. Ndiwo amene zipatala zathu zakhala zikupereka kwa ena a ife amene mankhwala oyamba anawakanika. Mankhwala abwino akaunjikana m'magazi asanduka opweteka, monga mchere ukachuruka mu ndiwo.

Palinso zina. Khungwali likhoza kutsitsa kuthamanga kwa magazi, kotero kuti agogo akumwa kale mibulu ya nthenda imeneyo angathe kugwa ndi chizungulire pa chitsime. Lichedwetsa kuundana kwa magazi pa bala, chimene chiri choopsa kwa munthu woyembekeza kuchitidwa opaleshoni. Ena liwapweteketsa mutu, ena liwasanzitsa. Mai wapakati asaliyandikire konse, pakuti ku Peru komweko akazi ena analimwa ndi cholinga chakuti asatenge pakati. Ndipo tinene ichinso tisanaiwale: chiripo chomera china choyanga, cha maluwa achikasu, chimene chinabzalidwa m'minda ya maluwa kum'mwera kwa Afrika, ndipo Chingerezi chichitcha dzina lomwelo la chikhadabo cha mphaka. Si chimodzi-modzi ai. Wina asamve dzina, nakakumba mizu kuseri kwa mpanda wa bwana.

Tikadakhala anthu a dziko lina, mwina tikadaseka kabotolo kameneka ndi kupitirira. Koma ife a ku Thyolo tikumbuka. Mu 1995, ife tiri anyamata a ku seminale, dziko lonse linagwedezeka ndi mbiri ya Billy Goodson Chisupe wa ku Machinga, kufupi ndi Liwonde, amene anati anaonetsedwa m'maloto mtengo wochiritsa Edzi. Anthu anachitcha chakumwa chache mchape, ndipo amene analemba za masiku amenewo, monga Bambo Matthew Schoffeleers a chipani cha Montfort, asimba za makamu osaoneka ndi kale lonse. Anthu onga 300,000 anapita kukamwa m'miyezi yochepa. Magalimoto anadzala, a m'midzi ndi a m'maofesi omwe. Malume athu ena anagulitsa mbuzi kuti apeze ya ulendo, nabwerako okondwa, natiuza kuti tsopano ayera. Tinawaika m'manda mvula isanagwe kawiri. Sitinena izi kuti tiseke amene anapita, pakuti masiku amenewo chipatala chinalibe choti chiwapatse, ndipo munthu womira agwira ndi udzu womwe. Maliro sanachepe m'midzi yathu chifukwa cha mchape. Anayamba kuchepa pamene madotolo a Médecins Sans Frontières, amene anafika m'boma lino mu 1997, anayamba kupereka ma ARV pamodzi ndi chipatala cha boma cha Thyolo mu 2003, ndi pamene boma linayamba kuwapereka kwaulere m'dziko lonse mu 2004. Tonse tinaona anthu amene tinali titawalira kale akudzuka pa mphasa nabwerera kukathyola tiyi. Mai amasiye aja ndi mmodzi wa iwo.

Ndipo dziko limene kabotolo kanachokeralo liri ndi chilonda chache. Kumeneko nduna ya zaumoyo, Manto Tshabalala-Msimang, amene anakhala pa mpando kuyambira 1999 kufikira 2008, anatamanda adyo, mandimu ndi bitiruti kuti zilimbitsa thupi, pamene ma ARV anali kuchedwetsedwa. Ophunzira a ku Harvard anawerenga mu 2008 kuti kuchedwako kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005. Adyo si woipa, ife tomwe tithira mu ndiwo. Chinaipa ndi kumuika pa mpando umene suli wache.

Tsopano za ndalama, pakuti m'nyumba zathu ndalama iri yonse iri ndi nchito ziwiri zoiyembekeza. Pa makomo ena awiri aja kabotolo sikanabwere monga mphatso. Anachita kugula kwa munthu woyenda ndi chikwama, wa mau okoma, amene anawauza kuti botolo limodzi silikwana, afunika atatu. Pa khomo lina anagulitsa nkhuku zinai zoikira kuti alipire, ndipo ana a pa khomopo, amene anali kudya dzira kawiri pa sabata, tsopano sadyanso. Ichi chinatipweteka koposa, pakuti chimene chidziwika ndithu kuti chigwetsa chitetezo cha mwana ndi cha wamkuru ndicho kuperewera kwa chakudya. Asilikari a m'thupi apangidwa ndi zimene tidya. Nanga ife a pa Goliati tisowa chiani? Mkaka uli pomwe pano, ng'ombe zache tizimva kulira m'mawa uli wonse. Matimati ndi kabichi zathu zidyetsa anthu a ku Limbe ndi Blantyre. Nandolo, nyemba, nsinjiro, mapeyala, nthochi, bonongwe, chisoso, usipa wa pa msika, zonsezi ziri pafupi, ndipo palibe imodzi ya izo imene idzakangana ndi mankhwala a dotolo m'chiwindi. Kugulitsa nkhuku yoikira kuti ugule utuchi wa khungwa la ku Amazon ndiko kugwetsa denga kuti upeze nkhuni.

Ana athu okhala kutali, amene mumva kalata ino ikuwerengedwa pa lamya kapena muilandira mochedwa, sitikudzudzulani. Tidziwa kuti muona mabotolo amenewa ataikidwa bwino m'masitolo akuru owala magetsi, ndipo mtima unena kuti, chinthu chokwera mtengo chotere chiyenera kuwathandiza amai. Koma inu simudziwa maina a mibulu imene amai amwa, ndipo wogulitsa m'sitolomo sanaonepo buku lao la ku chipatala.

Chimene tipempha mabanja onse ndi chapafupi. Ngati m'nyumba mwanu muli kabotolo kotere, kapena mizu iri yonse, kapena ufa wogula kwa oyenda ndi zikwama, ndipo m'nyumbamo muli wakumwa ma ARV, kapena mankhwala a chifuwa chachikuru, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a khunyu, tengani chinthucho m'manja mupite nacho ku chipatala pa tsiku lanu, muchiike pa tebulo pamaso pa namwino. Musachite manyazi, pakuti anamwino aona zotere tsiku ndi tsiku, ndipo chimene aopa ndicho chobisidwa. Safunsa anadya phula. Ndipo zibvute zitani, mibulu ya ku chipatala isalekedwe ngakhale usiku umodzi popanda mau a dotolo.

Mai amasiye aja tinawauza zonsezi pa mphasa pao, ngakhale si mwa mau ochuruka chotere. Anakhala chete nthawi, akutembenuza kabotolo m'manja, nati: "Nanga mwana wanga ndidzamuuza chiani? Iye wataya ndalama zache chifukwa cha ine." Tinaona kuti bvuto lao lalikuru linali limeneli, losafuna kunyozetsa mphatso ya mwana. Tinapangana kuti tiwaperekeze ku chipatala tsiku lao litakwana. Namwino anawerenga kabotolo, nayang'ana m'buku lao, nawauza kuti asamwe mibuluyo. Ndipo atamva dandaulo la kutalika kwa njira, anaona kuti magazi ao anapezeka bwino pa mayeso otsiriza, nawauza kuti ali m'gulu la anthu oyenera kulandira mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi, m'malo mwa miyezi 3. Maiwo anaturuka akuseka, nati ulendo wao wadulidwa pakati.

Madzulo ache tinamuimbira mnyamatayo lamya, amache ali pomwepo. Poyamba anakhumudwa, ndipo sitimuimba mlandu. Kenaka anafunsa kuti, tsono ndizitumiza chiani? Amache analanda lamya m'manja mwathu, namuuza okha: ya njinga yokwera popita ku chipatala, ndi yogulira misoti iwiri ya nkhuku. Misotiyo yagulidwa, ndipo umodzi wayamba kale kuikira. Kabotolo kali pa khoma m'nyumba mwao, kosatsegulidwa, pafupi ndi chithunzi cha mwanayo. Anati sakataya, chifukwa kanachokera kwa iye.

Mwezi wa mawa tidzabwerera kwa anankafumbwe, monga tinalonjeza. Pakali pano, amene mwayamba kukolola, musathire chimanga chatsopano m'nkhokwe imene simunaisese.